Mapatapata a ku Mikindani

Ndinali nditangotsitsa chikope cha mayi wachisanu ndi chinayi m'mawa umenewo pamene amuna anga anasuzumira pawindo la chipinda cha sikelo, foni ili m'manja, kolala ili mbuu ndi choko.

"Amake Salome, tabwerani muone. Ndakapeza."

"Mwapeza chiyani, bambo inu? Mzere uwu simukuuona?"

"Katauni kaja ka kunyanja. Dzina lake Mikindani."

Amayi oyembekezera amene anali pabenchi anayamba kukodolana n'kumasekera m'zitenje. Panalibe amene sankawadziwa a Sakala, mphunzitsi wa jogalafe pasukulu yoyandikana ndi kachipatala kathu, ndipo panalibe amene anali asanamvepo za nyanja yawoyo. Ndinawauza kuti tikakambirana kunyumba, ine n'kubwerera ku diso la mwini wake.

Imeneyo ndiyo inali ntchito yanga yoyamba pa mayi aliyense: kutsitsa chikope cha m'munsi ndi chala chachikulu n'kuona mkati. Mukakhala mofiira, magazi alipo. Mukayera, ndiye kuti achepa, ndipo mzamba ayambe kuda nkhawa. Ndinali nditachita zimenezi kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, moti ngakhale kutchalitchi ndinkatha kumugwira munthu chikope tisanapatsane n'komwe moni. Anthu ankati a Sisita ali ndi maso akuthwa, ndipo ine ndinkavomera.

Kwathu ndi ku Katete tonse awiri. Boma linatitumiza ku Tembwe, m'boma la Chama, mwana wathu Salome akadali kumsana, ndipo tinkati tikhalako zaka ziwiri zokha. Salomeyo anakula, anakwatiwa, ali ku Ndola. Ife tinali tikadali pomwepo. Zaka zonsezo amuna anga akafika pa mutu wa nyanja yamchere ankauza ana a Giredi 9 kuti madzi ake amaphwa n'kudzazanso kawiri pa tsiku. Koma ana a m'chigwa cha Luangwa madzi amawadziwa bwino. Amachoka mu Meyi, amabwerera mu Disembala. Kawiri pa tsiku? Ndiye chaka chilichonse pankapezeka wina woimika mkono n'kufunsa kuti, "Aticha, imwe munaonapo?" Amuna anga bodza sankalitha. Ankayankha kuti ayi, ndipo tsiku limenelo ankabwera kunyumba ali zyoli.

Madzulo a tsiku la foni lija tinakhala pakhonde dzuwa lisanalowe, ine ndikusankha mpunga m'lichero. Kunali kumapeto kwa Julaye, kutatsala sabata imodzi kuti sukulu zitsekere. Iwo anali atakhala nthawi yonse yopuma ali pamwamba pa chulu cha kuseri kwa sukulu, pomwe pamagwira netiweki, kukopera zithunzi ndi zimene alendo ena analemba za malowo. Anandionetsa madzi obiriwira, mitengo ya kokonati, timabwato ta matanga, ndi nyumba zakale zong'ambika zipupa.

"Kuli kum'mwera kwa Tanzania. Tikwera basi ya ku Matumbo, kenako Nakonde, kenako tiwoloka malire. Masiku anayi tafika," anatero.

"Nanga anzanu anapitakowo akuti bwanji?"

Anaiimika foni patsogolo penipeni pa mphuno n'kuwerenga. "Uyu akuti kulibe chochita, tsiku limodzi lakwana. Uyu akuti kuli zii, ukhoza kumva mtima wako ukugunda."

Ndinaseka mpaka mpunga kutayikira pachitenje. "Ndiye tiswe msana masiku anayi pabasi kukafuna zii? Zii wake uti woposa wa kuno ku Tembwe? Mukati mchenga, mtsinje uwo kuseri kwa sukulu uli mchenga wokhawokha mpaka Disembala, pitani mukagonepo. Mukati mitengo yaitali, migwalangwa ndi iyo. Mukafuna madzi amchere ndikusungunulirani m'kapu, manje manje."

"Madzi anu a m'kapu sachoka n'kubwerera."

"Amachoka. Mukamwa."

Anaseka nawo pang'ono, kenako anaika foni pamwendo. "Everlyn, tipite chaka chino."

Dzina langa sankalitchula wamba. Chibadwire Salome ndinali ndisanalimve pakamwa pawo kupatula tsiku limene anamwalira amayi anga. Ndikanakhala wa maso akuthwa monga ankanenera anthu, ndikanaika lichero pansi. Koma ine ndinayamba kuwawerengera zifukwa, ndipo zonse zinali zoona. Beauty, namwino mnzanga, anali atapita kusukulu, ndipo a ku ofesi anali asanatumize wina. Komanso nyengo yathu yotanganidwa inali pakhomo. M'dzinja misewu ikaduka anthu a kuno sakhala ndi kopita, ndiye zotsatira zake zimafika pachipatala kuyambira mu Ogasiti mpaka mu Okutobala, zili kulira.

"Tipite pa tchuthi cha Disembala," ndinatero.

"Mu Disembala msewu umakhala wa achule."

"Ndiye Epulo. Nyanja sithawa, bambo."

"Inde, nyanja sithawa," anatero motsitsa mawu. "Koma tiyenitiyeni sachoka, amake Salome."

Anadzuka kuti alowe m'nyumba, ndipo anapunthwa pa chidebe cha madzi chimene chinali poyera, pambali pa chitseko. Madzi anamwazika khonde lonse. Ine ndinaomba m'manja. "Onani, mwafika kale kunyanja! Madzi achoka, tidikire abwerere." Nthabwala imeneyo imandiwawa mpaka lero.

Sabata yachiwiri ya Ogasiti, nthawi yomwe tikanakhala tili pamchenga wa eni ake, anabwera naye pa njinga mayi wina woyembekezera, Vainess wa kutsidya kwa dambo. Anachira bwinobwino mwana wamkazi, kenako magazi anakana kuleka. Ndinalimbana naye kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ambulansi ya ku boma isanafike, ndipo anapulumuka. Mwanayo anamutcha Everlyn. Ndinafika kunyumba ndikunyadira.

"Mwaona? Tikanapita kozizidwa ndi mphepo kwanuko, lero kukanakhala maliro."

"Munachita bwino kukhala," anayankha. Sananene mokhumudwa ayi. Ananena kuchokera pansi pa mtima, ndipo za Mikindani sanazitchulenso.

Miyezi yotsatirayo zizindikiro zinali ponseponse, ine n'kumazilumpha ngati zithaphwi. Njinga anaisiya, ati mawondo. Munthu akawalankhula ali pambali ankatembenuza mutu wonse ngati kadzidzi. Amayi a kumpingo anandidandaulira kuti a Sakala ayamba matama, akumadutsa anthu osapereka moni, ine n'kukawakalipira amuna angawo. Mu Seputembala ndi mu Okutobala ndinabadwitsa ana makumi anayi ndi mmodzi, ndinatsitsa zikope zosawerengeka, koma munthu amene ndinkadya naye mbale imodzi sindinamuyang'ane m'maso ngakhale kamodzi.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mu Febuluwale, mvula ili pakati, ndinapita kusukulu kukagawa mankhwala a likodzo. Ndinayambira makalasi a ana aang'ono, ndipo pofika ku Giredi 9 ndinaima pakhomo kudikira kuti amuna anga amalize. Anali pabolodi, akujambula gombe la Africa monga ankachitira chaka chilichonse, mzere umodzi wosadukiza kuchokera kumpoto mpaka kum'mwera. Koma bolodilo linali lodzaza kale ndi masamu a mphunzitsi amene anatuluka. Choko chawo chinkangodutsa pamwamba pa manambala a mnzawo. Analemba dzina la nyanja pamwamba pa mayankho a eni, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono ngati munthu amene akusirira ntchito yake.

M'kalasimo munali ana oposa makumi asanu, ndipo palibe anaseka. Onse anali chete, akukopera m'makope mwawo mwaulemu, ngati kuti zonse zili bwino. Pamenepo ndinazindikira kuti sikunali koyamba. Ana onsewo ankadziwa. Wosadziwa ndinali ine ndekha.

Ndinalowa n'kuima pambali pawo, pafupi moti ndikanatha kuwagwira phewa. Anapitiriza kuphunzitsa.

"Atate ake Salome," ndinaitana.

Anadzidzimuka, choko n'kugwa.

Ndinawatengera pansi pa msikidzi wa pabwalo la sukulu. Ndipo taonani kupusa kwa chizolowezi: chinthu choyamba chimene ndinachita chinali kuwatsitsa chikope. Munali mofiira bwinobwino. Magazi analipo okwanira.

"Si mmenemo, a Sisita," anatero akumwetulira. "Vuto lili kuseri."

Anandiuza zonse. Mu Juni, pamene anati akupita ku boma ku msonkhano wa aphunzitsi, kunali kutabwera madokotala a maso. Anawapima n'kuwauza kuti madzi a m'diso sakutuluka bwino, akhala akufinya mtsempha wa maso kwa zaka zambiri, ndipo mtsemphawo ukafa suukanso. Matendawa amayamba kudya m'mbali, osapweteka. Pofika mu Juni n'kuti akuona ngati munthu wosuzumira m'bango. Anawapatsa mankhwala odontheza oti achedwetse mdimawo, ndipo iwo ankawasunga m'kabati ya kusukulu. Mankhwalawo anatha mu Disembala, msewu utaduka kale.

"Nanga manje mukuona chiyani?"

"Kuwala. Ndi mthunzi wanu, mukaima kumene kuli dzuwa."

Ndinakwiya. Ndinalira, koma kunali kulira kwa mkwiyo. "Ine ndine ndani kwa inu? Mlendo? Mwagona ndi namwino m'nyumba miyezi isanu ndi itatu osatsegula pakamwa! Mukanangonena mawu amodzi, tikananyamuka tsiku lomwelo!"

"Tikananyamuka, inde. Kupita kuti?"

Yankho tonse tinkalidziwa, ndipo iwo analinena okha.

"Mukananditengera ku Chipata, kuchoka apo ku Lusaka, kuchoka apo kwina. Tchuthi chonse chikanathera pamabenchi, inu muli ndi khadi langa m'manja. Ndipo mapeto ake akanakhala omwewa, anandiuza poyera. Ine ndinkafuna kupita kunyanja ndi mkazi wanga, Everlyn. Osati ndi nesi."

"Ndiye bwanji simunapite nokha?"

"Ndikaone ndekha, ndidzauze ndani? Inu mukananena kuti ndikukokomeza."

Tinadikira mpaka mu Epulo kuti mitsinje iphwe. Nditawafikitsa kuchipatala chachikulu ku Chipata, dokotala wake, mwana wamng'ono ngati Salome, anawaunika nthawi yaitali, kenako anazimitsa katochi kake n'kundiyang'ana. Ine ndauzapo anthu ambiri nkhani zoipa, ndipo nkhope imeneyo ndimaidziwa. Sanachite kunena zambiri. Amuna anga anapuma pantchito mwezi wotsatira.

Beauty anabwerako kusukulu mu Julaye. Tsiku lomwelo ndinalemba fomu ya tchuthi, ndipo inavomerezedwa mosavuta, moti ndinachita manyazi. Ndinafika nayo kunyumba n'kuiika m'manja mwawo.

"Masiku makumi atatu. Tinyamuka Lolemba. Matumbo, Nakonde, kenako tiwoloka."

Anaisisita pepalayo ndi zala, n'kuipinda bwinobwino. "Kuli chiyani kumeneko, amake Salome? Ndamva kuti kuli zii."

"Musandilange ndi mawu anga omwe."

"Sindikukulangani. Ndikufunsa zoona. Chithunzi chija ndili nacho m'mutu, chili bwinobwino, madzi ake ndi obiriwira. Ndikapita ndikangomva phokoso ndi fungo la nsomba, inu mukundikoka dzanja, anthu akutimvera chisoni m'chinenero chawo. Ndikabwerako ndilibe ngakhale chithunzicho. Ndisiyireni chomwe ndili nacho."

Ndinawachonderera sabata yathunthu. Ndinaimbira Salome kuti awalankhule, ndinaitana abusa, koma anakana mofatsa, ndipo munthu wokana mofatsa ndi wovuta kuposa wokalipa. Loweruka ndinakwera pampando kuti nditsitse chikwama pamwamba pa kabati, ndikuganiza kuti akamva ndikulongedza mwina asintha maganizo. Chikwamacho chinali cholemera. Munali malaya awo awiri opindidwa, chitenje chatsopano chimene ndinali ndisanachionepo, ndi botolo lopanda kanthu lomatidwa kapepala kolembedwa kuti Giredi 9, loti adzatungiremo madzi amchere ana adzalawe. Pansi pake panali mapatapata awiriawiri, aakulu abuluu ndi aang'ono ofiira, onse akadali omangidwa ndi kaulusi ka kusitolo. Anali atalongedza chaka chathunthu chapitacho, asanabwere n'komwe pawindo la sikelo.

Ndinakhala pansi pomwepo, mapatapata ali pamiyendo, ndipo ndinalira monga sindinalirepo pa maliro alionse. Iwo anandipeza poyendera khoma. Anapapasa mpaka anagwira zimene ndinanyamula.

"Aa, mwawapeza. Tandidulirani angawo, nsapato zikumandiwotcha."

Ndinadula kaulusi ka abuluuwo. Anga ofiira ndinawakoloweka pamsomali kuseri kwa chitseko momwe analili. Sindinkaona kuti ndine woyenera kuwavala.

Tchuthi changa chonse chinathera pa Tembwe pomwepo. Madzulo alionse ndinkawatsogolera kumtsinje wa kuseri kwa sukulu, uja ndinkawauza kuti akagonepo, ndipo tchuthi chitatha sitinasiye. Ankakonda kukhala pamtunda pamene pali mthunzi, akumvetsera amayi akufukula zitsime mumchenga. Tsiku lina tili m'njira anaima n'kupendeketsa mutu.

"Ndikumva mapatapata anga okha akulira. Anu ali kuti?"

"Ndikusunga."

"Mukusungira Epulo?"

Iwo anandifinya dzanja kusonyeza kuti inali nthabwala chabe.

Sabata yoyamba ya Disembala kunatentha koopsa. Kwathu kunali kusanagwe ngakhale dontho, koma kumapiri a kum'mawa kunali kutada bii kuyambira m'mawa. Tinali titakhala pamalo pathu paja pamene amuna anga anadzutsa mutu.

"Mukumva?"

Ine sindinkamva kanthu. Kenako ndinamva, chapatali, ngati lole ikubwera pamsewu wa miyala. Amayi a m'zitsime anatola zidebe zawo n'kuthamangira kumtunda akukuwa m'Chisenga chawo, "Maji! Maji yakwiza!"

Amene sanaonepo mtsinje wouma ukulandira madzi oyamba sangamvetse. Sabwera mwaulemu. Kutsogolo kumabwera thovu lakuda likukankha zinyalala za chaka chonse, ndipo m'kanthawi kochepa mchenga wonse uja umakhala utamira. Madziwo anatulukira pakhota pa mtsinje ali biii, atasenza zitsa, mapesi, chigubu chong'ambika, ndi mbuzi yakufa miyendo ili m'mwamba.

Amuna anga anaimirira okha, osandigwira. Kamphepo kozizira kochokera pamadzipo kanawaomba kumaso.

"Abwerera?"

"Abwerera."

"Akuoneka bwanji?"

Ndinayang'ana mbuzi ija ikuzungulira pakati pa mtsinje. Kenako ndinayang'ana nkhope yawo, maso ali tong'o kuloza kumene kunkachokera mkokomo.

"Ndi obiriwira," ndinatero. "Obiriwira mpaka kumene athera maso. M'mphepete muno ndi oyera, mchenga ukuonekera pansi. Uko kuli timabwato titatu ta matanga, kamodzi kakubwerera kumtunda."

Anaseka kaphwete kakang'ono.

"Wabodza iwe, Everlyn. Fungo la matope ndikulimva."

Iwo anavula mapatapata abuluu aja, n'kuwaika pambali mosamala, n'kuponda pansi ndi mapazi osavala. Anatambasula dzanja kufunafuna langa mpaka analipeza.

"Pitiriza," anatero. "Kabwato kakubwererako, muli anthu angati?"